Kusoka thumba la milomo mkati mwa jekete popanda mashini

"Atelala, ndili ndi jekete limene ndimalikonda kwambiri, koma lilibe thumba la mkati. Ndikufuna ndiikemo thumba ngati la m'majekete a abambo, lija la timilomo tiwiri, loti ndizisungamo foni ndi kachikwama ka makhadi. Mashini ndilibe, ndimasoka pamanja. Ndayeserera kawiri pa kansalu kotsala. Ulendo woyamba makona anakwinyika, ulendo wachiwiri pakona pena panatsala kabowo ndipo ulusi unayamba kuyoyoka. Tsopano ndikuopa kudula lainingi ya jekete lenilenilo. Kodi ntchitoyi ingatheke pamanja, kapena ndingoisiya?"

Achemwali, ingatheke ndithu, musaisiye. Matelala ankasoka matumba a milomo pamanja mashini osokera asanafale m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero amene amasoka majekete apamwamba amakonda kumaliza makona ake ndi singano ya pamanja. Pa nsalu yoterera ngati lainingi, dzanja limaposa mashini pa chinthu chimodzi chachikulu: singano imalowa pamalo penipeni pamene mwafuna, ndipo nsalu siikuthawani pansi pa phazi la mashini. Mwachitanso bwino kuyamba ndi kansalu kotsala. Zolakwika ziwiri zimene mwazionazo n'zapachibale, zonse zimabadwira pamalo amodzi, ndipo ndikusonyezani pamenepo. Koma ndiyambe ndi chinthu chimene simunafunse, chifukwa ndicho chimapha matumba ambiri a mkati patapita miyezi ingapo.

Lainingi ntchito yake ndi kuphimba misoko ndi kuchititsa kuti jekete lizitsetsereka bwino povala. Siinapangidwe kuti izinyamula katundu. Foni ya masiku ano imalemera magalamu 200 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo mukamayenda kulemera konseko kumagwedezera pa makona awiri a kamwa la thumba, tsiku ndi tsiku. Ndili wachinyamata pantchitoyi ndinasokera munthu wina thumba lokongola kwambiri, milomo yake yofanana ngati yojambula, koma ndinaliika pa lainingi yokhayokha. Pasanathe miyezi inayi jeketelo linabwerera litang'ambika kuyambira pakona mpaka kukafika kukhwapa. Zinandiwawa, chifukwa mwiniwake anandikhulupirira. Kuyambira pamenepo sindiboola lainingi ndisanaike kumbuyo kwake kansalu kolimbitsa. Kansaluka kakhale ka thonje, kopepuka koma kolukidwa mothinana, ngati nsalu imene amapangira matumba a thalauzi. Kaduleni masentimita 6 m'lifupi, ndipo m'litali kapitirire kamwa la thumba kwambiri ndithu, koti mbali imodzi kakafike pamsoko umene lainingi imakumanirana ndi nsalu ya jekete yopindikira mkati kutsogolo, mbali inayo kakafike pamsoko wa m'mbali kapena wa kukhwapa. Kokani nsaluyo uku ndi uku musanadule, mupeze mbali imene siitamuka, ndipo mbali imeneyo ndiyo igone motsatira kamwa la thumba. Mapeto ake awiri mudzawasokerera ku misoko imeneyi, motero katundu azilendewera pa mafupa a jekete, lainingi izingophimba.

Pali nsalu zolimbitsira zina zokhala ndi guluu, zomata ndi simbi. Zimathandiza kwambiri kuti ulusi usayoyoke podula, ndipo ine ndimamata kachidutswa kopyapyala pamalo podzadulapo ndisanaike kansalu ka thonje kaja. Koma sizilowa m'malo mwake, chifukwa guluu amatha kumatuka jekete likachapidwa kangapo. Yesani kaye pamalo obisika, poti guluu wina amabowoleza n'kuonekera kumaso kwa lainingi ngati timadontho.

Dziwaninso mtundu wa lainingi yanu. Werengani kachikalata kosokeredwa mkati. Ikakhala ya polyester imapirira koma imaterera kwambiri ndipo imakana kupindika bwino ndi simbi. Ya viscose kapena ya Bemberg (ya Bemberg imapangidwa kuchokera ku timaubweya tomata pa njere za thonje) imamvera simbi ndi singano, ndipo ndiyo yokoma kugwira nayo ntchito. Ya acetate ndiyo yofuna ulemu: imang'ambika msanga ikakalamba, imawala kapena kusungunuka simbi ikatentha, ndipo mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo okhala ndi acetone amaisungunula. Simbi muiike pa kadontho kamodzi, kamene kamatanthauza kutentha kwa pafupifupi madigiri 110, ndipo nthawi zonse muziyala kansalu kena pamwamba posita. Madzi musawazepo mwachisawawa, chifukwa pa silika ndi pa acetate amasiya zipsera.

Tsopano malo. Valani jeketelo, mangani mabatani, imani pagalasi, kenako lowetsani foni mkati n'kuigwira pamalo osiyanasiyana. M'majekete a abambo thumbali limakhala pachifuwa, pansi pang'ono pa mzere wa khwapa. Kwa amayi malo amenewo nthawi zambiri sagwira, chifukwa foni yowuma ikagona pa bere imasokoneza maonekedwe a jekete lonse kunja. Litsitseni, likhale pansi pa chifuwa cha m'nthiti, pamene jekete lili ndi mpata. Ngati mumagwiritsa ntchito dzanja lamanja, thumba likhale kumanzere. Papasani bwino muone pamene pali thumba lakunja, kuti matumba awiri asasanjikizane n'kupanga chotupa. Kamwa la thumba masentimita 13 kapena 14 limakwanira manja ambiri, koma yezani dzanja lanu ndi foni yanu, dzanja lizilowa osakakamiza. Kuya kwake kupitirire kutalika kwa foni ndi masentimita awiri kapena atatu.

Kuti mufike kumbuyo kwa lainingi muyenera kutsegula penapake. Majekete ambiri a kufakitale amatembenuzidwira pa msoko wa lainingi ya mkono, ndipo mukatembenuza mkono mudzapeza kamsoko kosokedwa pamwamba ndi mashini. Pamenepo mpata ndi wochepa kwa ntchito ngati iyi. Ine ndimamasula mpendero wa lainingi m'munsi, mbali imene kukhale thumba, masentimita 25 kapena kuposa, kuti manja onse awiri alowe ndipo nditha kutembenuza nsaluyo n'kuiyala patebulo. Masulani msoko umodziumodzi, osakoka ulusi mwamphamvu. Onetsetsani mmene mpenderowo unapindidwira, chifukwa pamakhala kapindiko kopatsa lainingi mpata wosuntha, ndipo potseka muyenera kukabwezeretsa.

Choko chimafufutika pa nsalu yoterera musanafike n'komwe pakati pa ntchito, choncho mizere yanu muilembe ndi ulusi wa mtundu wosiyana ndi nsaluyo. Ikani kansalu kolimbitsa kaja kumbuyo, jambulanipo mzere wapakati, mizere iwiri yopingasa yosonyeza pothera kamwa, ndi mizere ina iwiri yotsatira wapakatiwo, wina mamilimita 5 pamwamba, wina mamilimita 5 pansi. Kenako sokani mongogwiriza potsata mizereyi, singano izidutsa nsalu zonse ziwiri kuti ulusi uoneke kumaso. Mizere yopingasayo italike, ipitirire kwambiri, chifukwa milomo ikadzagona pamwamba mudzafuna kuionabe. Gawo limeneli limatopetsa ndipo anthu ambiri amalidumpha, koma theka la kukongola kwa thumba lagona pamenepa.

Milomo ndi timizere tiwiri ta nsalu. Mutha kuipanga ndi lainingi yofanana, kapena ya mtundu wina ngati mukufuna kuti thumba lioneke. Kwa munthu amene akuyamba, nsalu yogwirika ngati ya thonje yosalala imavutitsa pang'ono kusiyana ndi lainingi. Dulani timizereti masentimita atatu m'lifupi, m'litali tipitirire kamwa ndi masentimita awiri mbali iliyonse. Matani kolimbitsa kopyapyala kumbuyo, pindani pakati m'litali kumaso kuli kunja, sitani. Kuchokera popindapo yezani mamilimita 5 n'kusoka mongogwiriza mzere wowongoka, ndipo kuchokera pa mzerewo yezaninso mamilimita 5 n'kudula zotsalazo. Mwatsala ndi kamzere ka sentimita imodzi, ulusi ukudutsa pakatikati. Goneka timizere tiwiriti kumaso kwa lainingi, mbali zodulidwa zikumane pa mzere wapakati uja, mbali zopindidwa ziyang'ane kunja, wina m'mwamba wina m'munsi. Zimaoneka ngati zazondoka, koma zikadzatembenuka zidzakhala bwino. Gwirizani ndi ulusi, mapini muwachotse, chifukwa amatukula nsalu ndi kusiya mabowo.

Singano ikhale yaifupi ndi yopyapyala, nambala 9 kapena 10. Ulusi ukhale umodzi, osaupinda kawiri, wautali osapitirira kuchokera kuchala mpaka pachigongono ndi pang'ono. Ukokeni pa phula la njuchi kenako muusite pakati pa pepala kuti phula lilowe, ukatero supotana ndipo umalimba. Sokani mlomo uliwonse potsata ulusi wodutsa pakati pake uja, kuyambira pa mzere wopingasa wina mpaka pa unzake. Kasokedwe kake ndi kobwerera m'mbuyo, kaja kamene singano imatulukira kutsogolo n'kubwerera kukalowa pamene msoko wapitawo unathera. Msoko uliwonse mamilimita awiri, ndipo mukatsala sentimita imodzi kufika pakona muchepetse kufika pa milimita imodzi. Musayambe ndi mfundo pakona penipeni, chifukwa mfundo imabowoleza lainingi. Yambirani mkati pang'ono, sokani kupita kukona, bwererani pamwamba pa misoko yomweyo, ndipo muchite chimodzimodzi pothera. Musakoke ulusi kwambiri. Mukaona nsalu ikuyamba kukhwinyata kumbuyo kwa singano, dzanja lathina.

Mukatha mizere iwiriyi, tembenuzani muyang'ane kumbuyo, pa kansalu kolimbitsa. Apa ndi pamene ndimafuna mudekhe kuposa pena paliponse, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mizere iwiriyo iyenera kutalikirana sentimita imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo iyenera kuyambira ndi kuthera pa mizere yopingasa ija ndendende, wina osapitirira mnzake ngakhale ndi msoko umodzi. Yezani ndi lula malo atatu kapena anayi. Wina ukatalika, kamwa lidzapendekeka ndipo palibe simbi imene idzaliwongole. Mukapeza cholakwika, masulani n'kusokanso. Panopa simunataye kanthu, jekete likadali lathunthu, ndipo mutha kubwereza kangapo konse mpaka mtima utakhazikika. Sizasi igwireni pokhapokha mwakhutira.

Tafika pa mavuto anu awiri aja. Dulani muli kumbuyo, ndi sizasi yaing'ono yakuthwa mpaka kunsonga. Mukudula lainingi ndi kansalu kolimbitsa kokha, milomo muikankhire pambali ndi chala kuti isadulidwe. Yambirani pakati pa mzere wapakati kupita mbali zonse, koma muime kutatsala sentimita imodzi ndi theka kuti mufike kumapeto. Kuchokera pamenepo dulani mopendeketsa kupita ku kona lililonse, kuti mbali iliyonse kutsale kalilime ka nsonga zitatu. Ulendo wanu woyamba makona anakwinyika chifukwa munaopa, sizasi inaima patali ndi msoko womaliza, ndiye kansalu kosadulidwako kanakoka potembenuza. Ulendo wachiwiri munalimba mtima n'kupitirira msoko womaliza, kapena munadula ulusi wa msokowo, ndiye panatsala bowo. Malo oyenera ali pakati pa ziwirizi, ndipo ndi ochepa kwambiri: nsonga ya sizasi iime kutatsala ulusi umodzi wa nsaluyo kuti ikhudze msoko womaliza. Njira yake ndi iyi. Ikani nsonga ya sizasi pamalo pamene mukufuna kudulako kuthere, ndiye mutseke. Musayendetse sizasi kupita kukona mukudula, chifukwa pa nsalu yoterera imathamanga. Ena amabaya pini mopingasa pakona kuti sizasi igunde pamenepo, ndipo kwa woyamba ndi nzeru yabwino. Kalilime kakhalenso kotalika monga ndanenera, poti kakafupika kamayoyoka musanakagwire n'komwe.

Lowetsani milomo pa bowolo mofatsa, mbali zodulidwa ndi mapeto ake zipite kumbuyo, mbali zopindidwa zikumane pakati. Timalilime tija tikankhireni kumbuyo ndi nsonga ya singano, osatikoka ndi zala. Yalani patebulo muone. Kona likakwinyikabe pang'ono, bwererani mukadule ulusi umodzi wokha, muonenso. Zikagona bwino sitani, kenako mutseke milomo iwiriyo pamodzi ndi ulusi wongogwiriza kuyambira mbali ina mpaka ina, ndipo ikhale yotseka choncho mpaka ntchito yonse itatha. Mukaisiya yotsegula, thumba lidzatha lili kukamwa yasa. Tsopano pindani lainingi pambali kuti kalilime kaonekere katagona pamwamba pa mapeto a milomo, ndipo musoke patsinde pake, mowongoka kuchokera pa msoko wam'mwamba kufika pa wam'munsi, mubwereze kawiri. Misoko yochepa imeneyi ndiyo imapanga makona akuthwa ndi kutseka njira ya kung'ambika.

Thumba lenilenilo ndi losavuta. Dulani zidutswa ziwiri za nsalu ya thonje yopepuka, zokula kuposa kamwa ndi masentimita awiri mbali iliyonse. Chimodzi chisokerereni ku mphepete mwa mlomo wam'munsi n'kuchigwetsera pansi. Chinacho, chotalikirapo pang'ono, chisokerereni ku mphepete mwa mlomo wam'mwamba. Chimenechi ndicho chimaoneka thumba likatseguka, choncho pamwamba pake muyalepo kachidutswa ka lainingi ka masentimita 5 kapena 6 kuti maso asamaone nsalu yosiyana. Lumikizani ziwirizi mozungulira ndi kasokedwe kobwerera komweko, kuyambira pa kalilime kena mpaka pa kena, makona am'munsi muwazunguze kuti musamadzale fumbi ndi tizinyalala. Onjezani mzere wachiwiri pambali pa woyamba, ndipo m'mphepete mukulunge ndi ulusi kuti musayoyoke. Samalani kuti singano isagwire nsalu yakunja ya jekete. Ikangotola ulusi umodzi wokha, kunja kumaoneka kadzenje. Muziika dzanja lina pakati, kapena kachikatoni kopyapyala.

Zikatero sokererani mapeto a kansalu kolimbitsa ku misoko ija, ndi misoko yomasuka pang'ono kuti jekete lisakokeke. Valani, ikani foni pamwamba pa thumbalo mkati, yendani pang'ono muone ngati kunja kukukwinyika. Kumaso kwa thumba, pa mapeto onse awiri a kamwa, pingasani ulusi katatu kapena kanayi pamalo amodzi n'kuukulunga ndi timisoko tothinana, pakhale kamtanda kolimba. Ngati mumawerama kawirikawiri, onjezani kabatani ndi kachingwe ka nsalu kokolera, kamene mapeto ake amalowa mumsoko wa mlomo wam'mwamba. Tsekani mpendero wa lainingi ndi misoko yobisika, kapindiko kaja mukabwezeretse, ndipo ulusi wotseka milomo muuchotse pamapeto penipeni mutasita komaliza. Ulendo woyamba ntchito yonseyi ikhoza kukudyerani tsiku, ndipo ndi bwino kuigawa: kulemba ndi kusoka milomo lero, kudula mawa kukuwala, maso asanatope.

Ngati mwangozi sizasi yapitirira pang'ono pa jekete lenileni, musataye mtima. Kabowo ka milimita imodzi kapena iwiri kamatsekeka pomata kachidutswa kolimbitsa kumbuyo n'kukulitsa kamtanda ka ulusi kaja kuti kaphimbe, kapena kusoka pamenepo kachizindikiro kozungulira ngati theka la mwezi, monga amachitira matelala ambiri pokongoletsa makona. Ndipo ngati mtima ukukanabe kudula, pali njira ina imene ndimailemekeza: kumasula msoko umene lainingi imakumanirana ndi nsalu yakutsogolo, n'kulowetsa thumba mumsokomo. Kamwa lake limakhala loimirira m'malo mogona, silioneka ngati la milomo, koma simudula chilichonse ndipo limanyamula bwino chifukwa mbali imodzi lagwira nsalu yolimba.

Pali nthawi zimene ndingakuuzeni kuti mupite nalo kwa telala wozolowera majekete, ndipo musachite manyazi kutero, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsinani lainingi pamalo obisika n'kuikoka pang'ono pakati pa zala. Ikalira ngati pepala, kapena ulusi wake ukatseguka osabwerera, yakalamba, ndipo thumba latsopano lidzangoifulumizitsa kung'ambika. Pamenepo chofunika ndi kusintha chigawo chonse cha lainingi, thumba lisokedwe pa nsalu yatsopano isanalowe m'jekete. Chimodzimodzi ngati jekete ndi lachikopa, pakuti bowo la singano pa chikopa silitsekeka, kapena ngati lainingi inasokedwa pamodzi ndi zofunditsa zamkati, kapena ngati malo amene mwasankha akufuna kuti kamwa la thumba lidutse pa nsalu yokhuthala yakutsogolo ija n'kulowa pa lainingi, chifukwa nsalu ziwiri zosiyana makulidwe zimafuna dzanja lozolowera. Ngati jekete lanu lilibe zonsezi, pezani kachidutswa ka lainingi yoterera mofanana ndi yanuyo, muikeko kansalu kolimbitsa kumbuyo monga mudzachitire pa lenilenilo, ndipo muyeserenso kawiri. Makona anayi onse akatuluka bwino maulendo awiri otsatizana, tsegulani mpendero.